Chinjinga cha a Namaona pa Masamba a Maliro

Ku Malabada, kumtunda kwa Ndirande kumene msewu umasiya phula n'kuyamba kulimbana ndi phiri, mukafunsa kwa a Hawkins Namaona anthu ayamba akanda kumutu. Koma mungoti "madala a chinjinga aja," ngakhale mayi wogulitsa tomato akulozerani osadzutsa n'komwe mutu. Nyumba yawo ndi ija ya chitseko chachikulu ngati cha golosale. Anachikulitsa dala, n'kuwaka kachitunda ka simenti pakhomo, chifukwa njinga yawo sigona panja. Imagona pabalaza, pakati pa mipando ndi kabati ya mbale, ndipo mlendo akabwera amachita kuizungulira kuti apeze pokhala.

Musaganize za tinjinga ta kabaza tadzaza tauni masiku anoti, ayi ndithu. Iyi ndi njinga yamoto ya maulendo ataliatali, ya ku Japani, ya masilinda anayi, yofiira, ya chishango cha pulasitiki kutsogolo chotchinga mphepo ndiponso mabokosi awiri m'mbali oikamo katundu. Kulemera kwake ndi matumba asanu a simenti. Ikalira sichita za totototo, imangoguguda chapansipansi mpaka malata a oyandikana nawo kuyankhira.

Eni akewo anabadwira pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, kumene bambo awo anafikira atayenda wapansi kuchokera ku Gurue, ku Mozambique. Mu Blantyre anabwera ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, n'kuyamba ntchito yosesa pa fakitale ina ku Makata. Koma maso awo sanali pa tsache, anali pa manja a amisiri. Patatha zaka zingapo iwo ndi amene ankaitanidwa makina akaima.

Njingayo anaipeza m'chaka cha 2001, kuseri kwa migolo m'nyumba yosungiramo katundu ya fakitaleyo, itafundidwa lona. Mwini wake anali injiniya wina wa ku Zimbabwe amene inamukanika kukonza, ndipo anali pafupi kubwerera kwawo. Makoswe anali atadya mawaya, m'thanki muli dzimbiri lokhalokha. A Namaona anaigula ili yakufa choncho, n'kuikweza pa lole. Anzawo a pantchito anaseka mpaka kugwira m'mimba, ati Hawkins wagula zitsulo zokagulitsa pa sikelo. Anaiphwasula yonse, kachitsulo kalikonse m'kachitini kake, ndipo patatha miyezi isanu ndi inayi, Loweruka lina masana, inalira. Agalu a Malabada yense anauwa tsiku limenelo.

Mkazi wawo, mayi Magdalena, ankaitcha "mkazi mnzanga," ndipo chaka choyamba analumbira kuti sadzaikwera ngakhale atadwala. Ha, kulumbira kwa anthu! Chaka chachiwiri anali atagula thalauza yovalira mkati mwa chitenje. Anapita nayo ku Gurue kudzera pa Muloza, kukaona kumene makolo anachokera. Anafika nayo ku Karonga, anatsika nayo ku Chikwawa m'makona aja oopsa. Abambo akawonjeza moto, amayi kumbuyo ankangogogoda chisoti chawo kawiri ndi chala, liwiro n'kutsika popanda kukangana.

Kusunga njinga yotere mu Ndirande si masewera. Sitolo ya zipangizo zake kulibe. Mukalowa m'masitolo a ku Limbe n'kutchula chimene mukufuna, wogulitsa amangokuyang'anani kukamwa. Matayala amachita kuitanitsa ku Joni kudzera kwa madalaivala a mathiraki, ndipo amaitanitsiratu akale asanathe, poti dalaivala akati sabata yamawa amatanthauza mwezi wamawa. Kachitsulo kena kakadyeka amapita nako ku Mbayani kwa a Abdula, mmisiri wosema zitsulo pa makina, amene amakatembenuza kawiri katatu, kunyoza pang'ono amene anakapanga, kenako n'kusema kena kofanana nako ndendende. Chishango chija chinang'ambikapo kawiri. Anachisoka ndi waya wa kopa chamkati, moti simungaone pokhapokha atakulozerani.

Loweruka lililonse m'mawa njinga imatuluka pabwalo. A Namaona amayala chiguduli pansi, n'kuyamba ndi tcheni: palafini ndi mswachi wakutha, mfundo imodziimodzi, kupukuta, kenako oyilo. Akatero amazunguza tayala lililonse ndi dzanja, khutu ali tcheru. Likaima msanga, ndiye kuti buleki ikukhuza kapena mabeling'i ozungulirapo tayala ayamba kutha, ndipo tsiku limenelo chakudya chizizira patebulo mpaka vuto lipezeke. Makabuleta ake anayi, osakaniza mafuta ndi mpweya, amawalinganiza ndi khutu, kapaipi ka madzi kali kukhutuko ngati dokotala. Nthawi za kusowa kwa mafuta, pamene ena ankathira petulo wa m'zigubu wosadziwika kumene wachokera, iwo ankalolera kupsa ndi dzuwa pamzere tsiku lathunthu. Zoti munthu wina agwire sipanala pa njinga yawo, iwalani. Zaka makumi awiri ndi zinayi tsopano, ndipo sinawagonekepo panjira.

Koma munthu alibe zipangizo zoitanitsa ku Joni. Mayi Magdalena anamwalira mu 2019. Kenako bondo lamanzere la abambowo linayamba kuchita zake. Chaka chatha, pamalo ena omwetsera mafuta, anaima bwinobwino n'kuponda pansi, bondo linangopinda lokha. Njinga khu! pansi, mwendo wawo uli kunsi kwake. Anaidzutsa amuna anayi, ena akubisa kuseka. Mwendo unatupa masabata atatu.

M'pamene inayambira nkhondo ndi Sheila, mwana wawo yekhayo, namwino pa kachipatala kena ku Zingwangwa, mayi wa ana awiri, wosabisa mawu ngati malemu mayi ake.

"Adadi, ine ndimatsuka mabala a anthu a njinga tsiku ndi tsiku," anatero Sheila akumanga bandeji. "Ena timangowaphimba nsalu kumaso. Amayi ndinaika kale. Inu musandifulumizitse."

"Sindinagundidwe, mwanawe. Ndangoterereka."

"Mwaterereka mutaima! Nanga likadzapinda muli pa makona a ku Thyolo? Pali bwana wina ku Namiwawa wakhala akuifunsa. Igulitseni mupume."

Anakangana mpaka tiyi kuzizira. Sheila analira, anaopseza kuti sadzabweranso ndi adzukulu. Pomaliza a Namaona anamenya dzanja pa bondo lawo labwino.

"Chabwino. Tsiku limene dzanja la munthu wina, kaya ndi ndani, lidzagwire njinga iyi chifukwa yandikanika ine, kaya kuidzutsa kaya kuikankha, udzatenge makiyi. Sindidzatsutsa."

"Mwanena nokha," anatero Sheila. "Ndipo ine sindiiwala."

Odziwa a Namaona akuuzani kuti munthuyu akanena wanena. Sakanatha kudzazemba pangano limenelo ngakhale patakhala popanda mboni. Choncho chimene anachita n'kuyamba kusamala thupi lawo monga amasamalira njinga. M'mawa uliwonse ankakwera phiri wapansi mpaka pa miyala ikuluikulu. Loweruka akatha zokonza, ankayala matiresi akale pabwalo, kuigoneka dala njingayo, n'kuidzutsa ndi msana, chafutambuyo, mano atalumana. Amayi a nyumba yoyandikana ankasiya kuchapa kuti aonerere. "Koma madala awa apenga ndithu," ankatero. Iwo analibe nazo ntchito. Ankadziwa chimene ankaopa: osati kugwa, koma pabalaza popanda kanthu. Chichokereni mkazi wawo, njingayo ndi imene inkawadzutsa m'mawa.

Tsopano pali mwambo wina umene a Namaona sanauphonyepo. Pakagwa maliro, anthu amayala masamba pamsewu, kumunsi ndi kumtunda kwa nyumba ya siwa, kuti wodutsa adziwe. Wa njinga yakapalasa amatsika, wa chipewa amavula. A njinga zamoto masiku ano amangochepetsako liwiro, ena osachepetsa n'komwe. A Namaona amazimitsa injini, kutsika, kuvula chisoti, n'kukankha mpaka adutse masamba achiwiri. Ankatero kuyambira kale, koma chinawalimbitsa mtima n'chimene chinachitika pa maliro a mkazi wawo. Mkulu wa mpingo akuwerenga mbiri ya malemu, njinga ina inadutsa ikulira mokweza, ndipo mawu onena za ukwati wawo iwo sanawamve. Mpaka lero zimawawawa.

Lachinayi lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, a Namaona ankabwerera kuchokera ku Milange, ku Mozambique, kumene anakacheza masiku awiri kwa abale. Thupi linali litatopa, bondo litauma chifukwa chopinda ulendo wonse. Atangodutsa pa kiyosiki ya madzi, pamene chitunda cha kwawo chimayambira, anaona masamba a mango atayalidwa kudula msewu. Anazimitsa injini.

"Ndani?" anafunsa mayi wogulitsa madzi.

"A Onesimo atelala. Atisiya dzulo m'mawa."

A Namaona anavula chisoti. A Onesimo ankawadziwa zaka zoposa makumi atatu. Ndi amene ankasoka mayunifolomu a Sheila ali pasukulu, ndi amenenso anasoka chikopa cha pampando wa njinga yomweyi. Nyumba ya a Onesimo ili pakatikati pa chitundacho, pamene msewu umakwera kwambiri ndipo mvula inakumbapo ngalande. Kuchokera pa masamba oyamba kukafika pa achiwiri panali mapazi ngati makumi asanu ndi limodzi. Pa malo athyathyathya si kanthu. Pa chitunda chimenecho anali asanakankhepo chiyambire.

Njira ina yopita kwawo inalipo, koma ya masitepe a matumba a mchenga ndi kamlatho ka thabwa limodzi. Kuisiya njinga kumunsiko mpaka maliro ataikidwa mawa lake? Mu Ndirande? Akanadzapeza mafupa okhaokha. Anamasula mabokosi awiri aja, odzaza ndi nandolo wa kwa abale, n'kuwasungitsa pa kiyosiki. Jekete nayo anavula.

Anaima kumanzere kwa njinga, chiuno atatsamiritsa pa mpando wake, manja onse pa mahandulo. Anaiika mu giya yoyamba injini ili chizimire. Ukatero, ukafinya kilatchi matayala amamasuka, ukaisiya njinga imaima nji, osabwerera m'mbuyo. Anafinya n'kukankha. Mapazi anayi, kusiya, kupuma. Mapazi ena anayi.

Apa m'pamene Maloweruka onse aja anaonekera. Matayala ankazungulira mwa myaa, tcheni osalira, buleki osakhuza paliponse. Ikanakhala njinga ya munthu waulesi, ikanawakanika pa masamba oyamba pomwepo. Komabe, kaya uisamale chotani, kulemera sikuchoka, ndipo chitunda cha Malabada sichidziwa zoti munthu ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi chimodzi.

Pofika moyang'anana ndi nyumba ya siwa malaya anali atanyowa. Amuna anali atakhala pa mabenchi a tchalitchi pansi pa lona, m'mphepete mwenimweni mwa msewu. M'nyumba amayi a mvano ankaimba. Mkulu wina wa mpingo anadzuka n'kuwayandikira.

"A Namaona, ingoilizani pang'onopang'ono mudutse. Timvetsa, palibe angakuimbeni mlandu."

"Zikomo akulu. Pa maliro a Onesimo sindingalize."

Amuna atatu anali atadzuka kale, akupinda manja a malaya. Nanga munthu ungaonerere nkhalamba ikuvutika iwe uli pabenchi?

"Pepani abale anga, musagwire!" Mawu anatuluka mokweza kuposa mmene iwo ankafunira. Anatsitsa. "Chonde. Si mwano ayi. Musaigwire."

Amuna aja anayang'anana. Wina anang'ung'udza kuti kunyada kwina n'kopanda pake. Pomwepo kunamveka mawu a mayi kuchokera kuseri kwa nyumba, kumene ankaphikira.

"Asiyeni. Akudziwa chimene akuchita."

A Namaona sanafunike kucheuka. Anali Sheila, atamanga chitenje ndi duku, ndowa ya madzi ili m'manja. Ndiye kuti anabwera kudzakhuza maliro a telala wake. Mayo ine, pa anthu onse a mu Blantyre, woonerera n'kukhala iyeyu! Anamva ndowa ikuikidwa pansi.

Anafinya kilatchi n'kukankhanso. Mapazi atatu. Awiri. Tayala lakutsogolo linalowa m'ngalande ija n'kukakamira pa mwala. Anakankha, osasuntha. Anaibweza m'mbuyo pang'ono, kuikankhanso mwamphamvu, inakwera theka n'kubwerera. Kachitatu anasonkhanitsa mphamvu zonse, tayala linadumpha mwalawo, ndipo nthawi yomweyo bondo lija linapinda.

Njinga inapendekera kumanja, kumbali kumene kunalibe munthu. Aliyense amene anagwirapo njinga yaikulu akudziwa kuti ikayamba kuthawira uko, yapita. A Namaona anasiya kilatchi, anakoka handulo ndi manja onse, thupi lonse atalipendeketsa chambuyo, mwendo wabwino utakumba dothi. Pamabenchi wina anati "Eee!" M'mapewa munkachita ngati mukung'ambika. Njinga inaima pakati, osagwa, osadzuka.

Nkhope yawo inali pafupi ndi galasi loonera kumbuyo, ndipo m'galasimo anaona manja awiri. Anali manja a Sheila, otambasula, onyowa ndi madzi a m'ndowa, ali kumbuyo kwa mpando wa njinga. Pakati pa zala zake ndi chitsulo panali kampata koti n'kungolowa chala chimodzi. Anali atawatsatira kuchokera pa lona paja.

A Namaona anamvetsa bwino lomwe. Mwanayo akangokhudza, basi, nkhani yatha. Makiyi ndi ake, njinga ipita ku Namiwawa, iye azigona tulo. Chaka chathunthu wakhala akupempherera zimenezi, ndipo palibe munthu pa maliropo akanamunena kuti walakwa. Mantha anawagwira, mantha enieni, oposa a kugwa. Anafuna kukuwa kuti usayerekeze, koma analibe mpweya woyankhulira. Anangoyang'ana manjawo. Manjawo sanayandikire.

A Namaona anakoka mpweya, anawongola bondo lija pang'onopang'ono, ululu ukulasa mpaka m'chiuno, n'kukoka. Njinga inabwerera, inabwerera, mpaka inadzagunda chiuno chawo. Anatsamira pa thanki, thukuta likudontha pa utoto wofiira. Anapuma nthawi yaitali ndithu. M'nyumba nyimbo inatha, ina inayamba.

Mapazi otsalawo anawayenda awiriawiri. Panalibenso wong'ung'udza. Amuna aja anaimirira chiimirire, zipewa zili m'manja, ndipo nthawi iliyonse a Namaona akaponya diso m'galasi manja aja anali pomwepo, osakhudza, osachoka. Tayala lakutsogolo linaponda masamba achiwiri, kenako lakumbuyo. Anawonjezera mapazi ena awiri kuti pasakhale chokayikitsa, n'kutsitsa sitandi yoimikira njinga ndi phazi.

A Namaona anagwira mpando wa njinga, mwendo ukunjenjemera moonekera. Sheila anabwera kutsogolo kwawo, maso ali psuu, akupukuta manja pa chitenje ngakhale anali atauma kale.

"Bwanji sunagwire?" anafunsa a Namaona.

"Mukanandikhululukira?"

Anaganiza kaye, poti mwanayu sanamunamizepo.

"Ayi."

"N'chifukwa chake." Sheila anapukuta m'maso ndi nsonga ya duku. "Koma dziwani kuti ndakwiya, adadi. Ndakwiya kwambiri. Mtima wanga unatsala pang'ono kutulukira pakamwa."

"Inenso ndinaopa, mwanawe."

"Pangano lija likadalipo."

"Likadalipo."

"Mukafika kunyumba muike nsalu yonyowa pa bondopo musanabwere kusiwa kuno. Ndidzaliona madzulo."

Sheila anatembenuka n'kutsetsereka kukatenga ndowa yake. A Namaona anatsala ali chiimire pambali pa njinga yawo. Anadikira kuti nyimbo ya m'nyumba ija ithe, bondo nalo lisiye kunjenjemera. Kenako anavala chisoti, anagwira mahandulo, n'kukweza mwendo okha.